Momwe Ndinamangira Katapila ndi Malegeni

Sekani ndithu, inu a kabaza, mano onsewo panja! Inunso aphunzitsi ndakuonani mukubisa pakamwa ndi nyuzi. Kwanu ku Dedza mwina bodza ndi ndiwo, koma kuno ku Chiringa tikati Waisoni Mulepa anamanga katapila pasitima ndi malegeni, ndiye kuti anamanga basi. Wokayika asendere kuno aone m'kamwa mwangamu. Mano akutsogolowa anapita kuti? Tsamiritsani njingazo, ndikuuzeni.

Inali nthawi ija matipate atangoyamba kumene, madzi a m'phiri atatigumulira misewu ndi milatho, ndiye kunabwera kampani ina kudzakonza. Pa makina awo panali katapila wachikasu, wamkulu ngati tchalitchi, woyenda pa malamba achitsulo m'malo mwa matayala, kutsogoloku ali ndi chikhasu choti akangokankha kamodzi chulu chasanduka bwalo la mpira. Dalaivala wake anali a Gondwe, mnyamata wa kumpoto, wa magalasi akuda ndi wotchi yonyezimira. Ine ndinali wa njinga, wonyamula nandolo ndi nkhumba kuchokera kumalire, ndipo mtima wanga wonse unali pa Felesiya, amene ankagulitsa zitumbuwa pamsika pompano. Tsoka ilo, a Gondwe nawonso anamuona. Katapila uja tsiku ndi tsiku ankaima pafupi ndi beseni la zitumbuwa, ati injini yatentha. Ndinaonda ndi nsanje, abale, mpaka buluku ndinkamangira luzi.

Msewu utatha kunamveka kuti katapila akakwere sitima ku Luchenza, apite ku Limbe pamodzi ndi dalaivala wake. Ndinavina tchopa ndekhandekha m'munda wa chinangwa! Koma Felesiya anandikokera pambali nati, "A Waisoni, amalume anena kuti a Gondwe akabwereranso kuno awalandira. Inu muzingoti njinga, njinga."

Nayenso Gondwe sanali wopusa. M'mawa wa tsiku lonyamuka anamulowetsa dala katapila m'thengo la chitedze kuseri kwa phiri la Michesi, chitedze chokhwima cha m'chilimwe chija choti ukangochiyang'ana wayamba kale kudzikanda, nam'zungulitsa momwemo mpaka thupi lonse linachita ubweya. Ankadziwa kuti makina oyabwidwa sangakhazikike pasitima, ndipo sitima ikawasiya, iye abwerera kwa amalume a Felesiya. Mukumva nkhanza zake?

Ndinapalasa njinga, ndinapitirira chilole chimene chinanyamula katapilayo, ndinafika ku Luchenza fumbi langa lisanachoke pa Migowi. Pasiteshoni panali bogi yathyathyathya, yopanda denga ndi makoma. Katapila anakwera bwinobwino pa matabwa, koma atangofika pamwamba chitedze chinam'gwira, ndiye anayamba kunjenjemera, kupotokola msana, kudzikhula pa thanki ya madzi mpaka thankiyo inaphwatalala, anthu a njanji akaponya tcheni iye phwaa wadula ngati ulusi, akaika zipika kunsi kwa malamba iye wapera zasanduka utuchi, ndipo chidutswa china cha tcheni chinauluka kukagwera ku Mozambiki komwe mpaka lero amachiimba ngati belu la sukulu. Kapitawo wa pasiteshoni thukuta kamukamu. Woyendetsa sitima akuliza wezulo, ati ine ndikupita. Gondwe ali phee pansi pa mtengo wa mango, akutafuna nzimbe, akumwetulira.

Ndinakankha anthu ndi kunena kuti, "Akapitawo, chinyamachi si chaukali ayi, chayabwidwa. Patukani, ndichimange ngati nkhumba."

Choyamba ndinatuma amayi onse a pa Luchenza kuti apale phulusa m'mafuwa mwawo, ndinam'paka katapila kuyambira kumphuno mpaka kumchira, kenaka ndinakwawira kunsi kwa mimba yake ndi khasu langa ndi kuyamba kumukanda, kwee, kwee, kwee, ndipo ndikulumbira pali manda a amayi anga, makina aja anatseka nyali zake, anakweza lamba mmodzi m'mwamba ngati galu, nabuula mokoma. Mpamene ndinafuula kuti machubu! Tinavula machubu a njinga zonse za pa Luchenza, za ku Thuchila, za ku Chonde, kupatula yanga yokha, moti chaka chimenecho ngakhale abusa ankayenda pansi, ndipo ine ndinkacheka malegeni ndi dzanja limodzi, linalo likulumikiza, phazi likupitiriza kukanda mimba ija kuti asadzidzimuke.

Kumanga kwake n'komwe mumakudziwa inu a kabaza, kungoti inu mumachita mwaulesi. Ndinatsitsa chikhasu chija pansi kuti akhale chogwada, kunsi kwa malamba ndinatsekera mitondo ya amayi aja, kutsogolo ndi kumbuyo, popeza mtondo wozolowera musi suopa kulemera. Kenaka legeni kuchokera kudzanja lamanja lakutsogolo, kudutsa pamsana, kutsikira kumwendo wamanzere wakumbuyo, kulowa kunsi kwa bogi, kutulukira uko, kupingasanso, kukoka mpaka mphira italira. Tcheni imalimbana ndi nyama, ndiye nyama imakwiya. Legeni imalola nyama kuti idzikande pang'ono, kenaka imaibweza pamalo pake. Katapila anayesa kugwedezeka, anangoti nyomi, n'kubwerera. Kapitawo anagwetsa misozi.

A Gondwe atataya nzimbe n'kukwera kuti aone chimene chachitika, ndinawakhazika pampando wawo ndi ulemu wonse, ndi kuwazunguliza nawonso legeni m'chiuno. Ndinati, "Pepani achimwene, njanji ya ku Limbe ili ndi mabampu."

Tsono apa mpamene dzanja langa linandipusitsa. Munthu wa njinga ukamaliza kumanga katundu, nsonga yotsala umaikola kuti? Pakeliyala! Dzanja linachita lokha, mutu uli kwa Felesiya. Sitima inanyamuka kuloza ku Limbe, ine ndinakwera njinga kuloza ku Chiringa, legeni ili pakati. Mukumva?

Ndinkamva njinga ikulemera, koma ndinkati n'chikondi. Ndinapalasa, ndinaimirira pamapedulo, tcheni ikulira, kumbuyo kwangaku legeni ikutamuka kudutsa chigwa chonse cha Phalombe, amayi a ku Jenala akuyanikapo zovala, akhwangwala akuterapo, alimi a mpunga akuidumpha ndi makasu paphewa, osadziwa kuti ndi ine. Nditafika pabwalo la amalume a Felesiya ndinakumbatira mtengo wa mango kuti ndipume, mtengowo n'kuwerama. Ndipo ndinamva kumbuyo: pwiii! Kucheuka, mayo ine! Sitima yonse ikubwera chafutambuyo, yasiya njanji, ikudutsa m'minda ya mpunga, matope akuuluka, katapila ali pamwamba osagwedezeka ngakhale pang'ono chifukwa anamanga ndi ine, Gondwe ali pampando akukupiza kampango, akufuula kuti, "Felesiya, ndabwera!" Amalume anayamba kale kupukuta mpando wa alendo.

Mpeni ndinali nditauiwala ku Luchenza. Khasu linatsala kunsi kwa bogi. Felesiya anandiyang'ana, beseni lili pamutu, maso ali ndi misozi, ndipo ine ndinaona kuti ndikachedwa pang'ono ndikhala mbeta yaimuna mpaka kumanda. Ndinagwada, ndinaluma legeni ija ndi mano awa.

Thwaaa! Kulira kwake nkhuku za boma lonse zinaikira mazira nthawi imodzi. Legeni inakwapula pakati pa Michesi ndi Mulanje, ndipo mpata umene mumauona pakati pa mapiri awiriwa, kale munkadutsa mbuzi yokha, yowonda, chammbali. Anaukulitsa ndi ine. Sitima inabwerera panjanji, inakafika ku Limbe okwera asanamalize kusenda nthochi, mano anga ali patsogolo kuilondolera njira. Amalume ataona magazi akuchucha pachibwano changa anatembenuza mpando uja nati, "Khalani apa, akamwini. Munthu woluma sitima sangalephere kulima munda wathu." Ndinalira ndi chimwemwe, malovu akutulukira pagwerupa.

Gondweyo anthu a ku Limbe anam'masula ndi sowo, koma katapila ndikumva ali pabogi pomwepo mpaka lero, mfundo zanga zawakanika. Mukukayikabe? Si uyo Felesiya, mayi wa mwana wanga Joyisi, akubwera apoyo, m'funseni nokha. Mayi a Joyisi, tabwerani muwauze anthuwa za sitima ija!

Mwati bwanji? Lankhulani motsitsa, pali anthu. Mbuzi iti? Imene ndamanga m'mawa ija? Yamasuka? Ili m'dimba la aphunzitsi?

Aphunzitsi, khalani pansi, musathamange, kabichi amaphukanso. Inu a kabaza mukugubuduka chiyani? Mbuzi imeneyo ndaimanga ndi chingwe cha khonje. Malegeni onse anathera pa katapila.