Matumbo a Mbuzi M'mawondo

Amene anandichititsa manyazi pa esiteti yonse ndi alamu anga a Lasitoni, achimwene awo a akazi anga. Ndikuwatchula dala, amve.

Ine ndimathyola tiyi, ndipo mawondo angawa ali ndi nyamakazi. Kukazizira amatupa ngati mapapaya. Kapitawo anali atandichenjeza kale kuti ndikapitiriza kutsalira mumzere, ntchito itha.

Ndiye a Lasitoni atulukira ndi kafoni kawo kosweka galasi.

"Alamu, mwapulumuka! Azungu apeza mankhwala a mawondo. Akuti mphamvu yake imachokera m'matumbo."

"Matumbo a chiyani?"

"Matumbo ndi matumbo, alamu. Mbuzi iyo ilibe?"

Nkhaniyo pafonipo inali m'Chizungu. Ine Chizungu ndinachisiyira Sitandade 5, ndikanatsutsa chiyani? Tinapha mbuzi ya akazi anga, eni ake ali kumaliro ku Khwethemule. A Lasitoni anati kudya n'kuzungulira, bola kumanga pomwe pakupwetekapo. Nyama ananyamula okha, akuti ingandisokonezere dozi.

M'mawa ndinakulunga matumbo m'mawondo, pamwamba pulasitiki, n'kuphimba ndi epuloni yothyolera. Ululu unachita ngati wachepa, ndinathyola ngati mnyamata!

Dzuwa litakwera, ntchentche zinafika. Kenako agalu a alonda, pamzere pambuyo panga ngati ndine bwana.

Kusikelo kapitawo anagwira mphuno.

"A Mulinde, mwamwalira liti?"

"Ndili pa tiritimenti, bwana."

Pomwepo galu wina analowetsa mutu kunsi kwa epuloni n'kukoka. Matumbo aja kuyamba kutuluka, osatha! Azimayi anataya madengu.

"Mayo ine! Galu wawatumbula!"

Anandiponya pa thirakitala ya masamba, ine ndikukuwa kuti ndi a mbuzi. Wina n'kumati, "Ayamba kubwebweta, thamangitsani!"

Kukiliniki anesi anaseka mpaka kukhala pansi. Atapuma anati mankhwalawo alipodi, koma ndi jekeseni, wotengera zomwe matumbo a munthu amatulutsa akadya. Zoti angathandize mawondo otupa, madokotala akadafufuza.

"Nanga panopa amabaya ndani?"

"Odwala shuga, ndi ofuna kuchepetsa thupi. Amathetsa chilakolako cha chakudya."

Ndinadziyang'ana nthiti. "Anesi, ameneyo ndiye esiteti imatibaya mwezi uliwonse pa tsiku la malipiro!"

Ntchito sanandichotse. Kapitawo akuti wothyola wina angamupeze, koma woseketsa ngati ine ayi.

Mankhwala a pafoni amanenepetsa mwini foni. Mbuzi ija a Lasitoni sanabweze mpaka lero.