Ng'ombe ya Chidothi ndi Kalumo ka Wakutsidya

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere.

Kumudzi kwathu kunali bambo wina dzina lake Chidothi. Ali mnyamata, munthu wina wa kutsidya kwa mtsinje anamubera tambala. Kuyambira pamenepo, kwa iye aliyense wa kutsidya anali mbala, ngakhale khanda la kumsana.

Chidothi anali ndi ng'ombe imodzi yokha, ya bere. Tsiku lina anaimangirira pamtengo m'mbali mwa njira. Pozungulirazungulira inadzikola, chingwe cha khonje n'kuithina pakhosi. Inagwa pansi, maso ali tong'o.

Anasolola mpeni wake, koma unali wobuntha moti ngakhale papaya wakupsa akanaukana. Akulimbana ndi chingwecho, panatulukira mlendo atakolekera kathumba paphewa.

"Pepani bambo, ndine Maliseni, ndimameta anthu. Ndili ndi kalumo apa. Ndidule?"

"Mwachokera kuti?" anafunsa Chidothi.

"Kutsidyaku."

"Ndinadziwa. Imani pomwepo. Mukufuna mudule chingwe kuti muthawe nayo."

"Ng'ombe yogona ndingathawe nayo bwanji? Chabwino, tengani mudule nokha."

"Kuti mawa mukanene kuti ndakuberani lumo? Anthu inu ndimakudziwani."

Mkazi wake, Nachisale, anafika ali wefuwefu. "Abambo a Tiyese, landirani kalumoko. Ng'ombe ikufa iyi."

"Inu khalani chete, mudzandithokoza."

Atatero anataya mpeni, nagwada, nayamba kutafuna chingwe. Dzino lakutsogolo linatsalira m'khonje momwemo. Pamene ankalavula magazi, ng'ombe inaphupha kawiri, basi zii.

Mlendo uja sanaseke. Anangoti, "Pepani mayi." Nachisale anapukuta misozi namupempha kuti awathandize kusenda nyama isanawonongeke. Maliseni anatulutsa kalumo, nangokhudza chingwe chija kamodzi, n'kuduka ngati ulusi. Chidothi anaona ndi maso ake. Atang'amba mimba anapezamo kamwana kakakazi, kongotsala masiku ochepa kuti kabadwe.

Anamupatsa mwendo wonse, koma mlendoyo anangotenga kachiwindi kokawotcha panjira, natsanzika mwaulemu.

Chidothi sanadzakhalenso ndi ng'ombe mpaka kukalamba. Ine ndinamuona ali nkhalamba, atakhala pakhonde, akuitana aliyense wodutsa kuti amwe madzi. Akamva munthu akunyoza a kutsidya, ankaloza pagweru pake, napukusa mutu, n'kunena mawu akutuluka ndi kamluzu: "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."