Nyenyezi za aNachisale

Lolemba
Telesikopu ya malemu bambo, ija anabwera nayo ku Joni, yatuluka m'thumba la feteleza. Mwendo umodzi unathyoka, ndamangirira nsungwi. Dzuwa litangolowa ndaloza kummwera, pamwamba pa mango a aPhiri oyandikana nafe. Kagulu ka nyenyezi, mbuu ngati ufa wotayikira pamphasa! Si Nsangwe, Nsangwe ndimaidziwa. Palibe anandiuzapo za kameneka. Loweruka ndi tsiku lokumbukira ukwati wathu, ndiye mphatso yapezeka: ndikatcha dzina la akazi anga, aNachisale.

Lachiwiri
Osaka mbewa ayatsa tchire cha ku Champiti. Zimene ndaona: utsi, mleme, utsi winanso. ANachisale akuti, "Denga la khitchini likudontha chaka chachiwiri, inu maso ali kumwamba kwina."

Lachitatu
Kwayera! Ndikuwerenga: zisanu ndi ziwiri. Ndatsinzina, ndatsegula: zisanu ndi zinayi. Diso lamanzere likuti zinayi basi. Udzudzu wokha ndiwo sukukayika chimene wabwerera.

Lachinayi
Ndalakwa kuuza Che Yusufu agolosale pa Kandeu. Pofika masana msika wonse ukuti ndapeza mudzi kumwamba. Madzulo pabwalo panga anthu mbwee! Mai wina akufuna aone ngati mvula yayandikira. APhiri asuzumira mbali yolakwika: "Ndikuona nkhope yanga, koma yatupa." Pamene tikukangana, mbuzi yatafuna luzi la mwendo wa nsungwi, telesikopu khuu pansi. Kagulu sindinakaone.

Lachisanu
Galasi silinasweke. Che Yusufu abwera ndi foni yawo ya mapu a nyenyezi. Taloza pomwe paja. Kalipo kale, kali ndi nambala yake, anthu anakalemba ine ndisanabadwe. Choipitsitsa: akatswiri sagwirizana ngati ndi gulu n'komwe. Ena akuti nyenyezizo n'zapachibale. Ena akuti ina ili apa, ina kutali kwadzaoneni, zimangooneka ngati zili pamodzi. Che Yusufu akuti, "Ngati anthu odikira minibasi, achimwene."

Loweruka
Tsiku lija. Ndavala jekete, ndawayalira mphasa, ndawaonetsa posuzumira. ANachisale ayang'ana nthawi yaitali. Ndafotokoza zonse, za nambala ndi za minibasi zomwe, chifukwa bodza pamaso pawo silindikhala. "Ndiye mwandipatsa za eni ake, zosadziwananso?" Ndavomera. Asuzumiranso. "Sunthani, mukunditchinga." Ndiwo zapserera pamoto, tadyera mchere.

Lamulungu
Mitambo bii. Khosi lauma, sindikutha kucheuka. Potuluka m'tchalitchi anthu akundipatsa moni wa "aNyenyezi", abusa omwe. Dzinali silichokanso, ndikudziwa. Kuseri kwa tchalitchi ndamva aNachisale akuuza amai a kwaya kuti amuna awo awapatsa nyenyezi zodzaza lichero, zonse za mimba imodzi. Ndadutsa mwakachetechete. Akatswiri akangane okha, kuno mlandu watha.