Tsiku Limene Onse Anabweradi

Inu, tamverani, sunthirani kuno. Mukadzapita kunja, pasipoti mutha kutaya, boma lidzakupatsani ina. Koma pakamwa panu muzipamanga ndi chingwe. Ine pakamwa pangapa panandionetsa zakuda.

Mukudziwa mmene timachitira kwathu. Ukakumana ndi munthu umati, "Mudzabwere kunyumba tidzadye limodzi." Iye amati, "Tidzabwera ndithu." Nonse mukudziwa kuti palibe akubwera, ndi moni chabe. Ndiye ine ndili kudziko la eni, ndikugwira ntchito kufakitale yochapa nsalu za m'mahotela, tchuthi chachikulu cha kumapeto kwa chaka chitayandikira, ndinkangomwaza mawu amenewo m'chinenero chawo ngati ndikufesa mapira. Abwana ndinawaitana. Mlonda wa pageti ndinamuitana. Ngakhale mayi wina wokhala chipinda cha pansi pa changa, amene amayenda ndi galu wovala juzi, ndinamuitanira pamasitepe.

Koma oitanidwa enieni anali awiri basi: mnzanga woyendetsa takisi, amene timangotchulana kuti Mlamu, ndi Anesi. Eee, Anesi! Mayi wa kwathu, wogwira ntchito kuchipatala, wondisowetsa tulo chaka chonse. Tsiku limenelo ndinali nditatsimikiza mtima kuwauza mawu a ukwati. Mlamu ntchito yake inali kudya msanga n'kunamizira kuti kasitomala waimba foni.

Ndinagula nkhuku imodzi, ndikutitu imodzi, ndi mpunga. Chipinda changa n'chimodzinso: bedi ndiye sofa, thabwa lositirapo zovala ndiye tebulo. Ndinayalapo nsalu yoyera, kandulo pakati. Tsikulo litafika, Mlamu ndi Anesi atangokhala pansi, belu linalira.

"Kodi kukubweranso ena?" anafunsa Anesi.

"Ayi, ameneyo wangosokera."

Kutsegula chitseko, abwana! Tayi pakhosi, maluwa m'manja. "Unati lero, eti?" anatero akumwetulira. Ndisanatseke, uyo mlonda ndi mkazi wake ndi apongozi ake. Pambuyo pawo mayi wa galu, galuyo atavala juzi yatsopano ya paphwando.

Mlamu anandinong'oneza, "Mlamu, walira mvula walira matope."

"Tseka pakamwa, bwera undithandize kuchulukitsa nkhuku."

Tinalowa kukhitchini, kumene wina akatembenuka mnzake amapezeka ali panja. Nkhuku ija tinaiduladula mpaka nthuli zinafanana ndi mapiritsi. Msuzi tinauthira madzi, kulawa, kuthiranso, mpaka Mlamu anati, "Apa anthu adziwa kuti nkhuku yangosambamo." Koma ntchafu imodzi ndinaibisa pansi pa chivundikiro, ya Anesi. Munthu sungafunsire mbeta ndi khosi la nkhuku.

Alendo anadzaza bedi. Apongozi a mlonda anakhala pasutikesi, abwana pandowa yozondotsa, mawondo ali kukhosi. Galu atamva fungo anadutsa pansi pa tebulo langa lija, thabwa n'kupinda miyendo, phwaa! Theka la mpunga pansi. Galuyo, munthu wachifundo, anayamba kutithandiza kukolopa.

"Musadandaule," ndinatero thukuta likuyenderera, "kwathu chakudya chikagwa ndiye kuti chaka chikubwerachi n'chamwayi."

Bodza lophika pompo! Koma abwana anagwedeza mutu mwaulemu, ndipo mkazi wa mlonda anagwetsako dala supuni ina ya mpunga kuti nayenso apeze mwayi.

Kenako ndinatulutsa ntchafu ija n'kuipereka ndi manja awiri. "Anesi, iyi ndi yanu."

Anesi, munthu woleredwa bwino, anayang'ana pansi. "Ayi achimwene, ine ndakhuta, apatseni alendo."

Inu mukudziwa kuti pamenepo umangofunika kukakamiza pang'ono, munthu n'kulandira. Koma Mlamu, satana wa munthu, anawamasulira abwana mawuwo.

"Oo, akhuta?" anatero abwana. Foloko inatsika ngati kabawi pamwanapiye. Ntchafu inapita ine ndikuona, Anesi akuiperekeza ndi maso mpaka fupa. Zinandiwawa, abale, zinandiwawa zedi.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene anapeka mwambi umenewo sanakumane ndi apongozi a mlonda, amene anatisimbira matenda awo onse kuyambira kubondo mpaka kukhutu, akufunsa Anesi mankhwala ake. Komabe pamapeto pake anthu anayamba kunyamuka. Abwana atafika pakhomo, pakamwa panga paja panangotseguka pokha.

"Mwafulumira bwanji? Khalani kaye pang'ono!"

Anavula jekete n'kubwerera pandowa. Ena onse anawatsatira, ndi galu yemwe. Mlamu anaseka mpaka anatsamwa ndi madzi, za kasitomala uja ataiwaliratu.

Apo Anesi anatenga chikwama chawo n'kutsanzika. Ndinawathamangira mpaka pamasitepe, kuphazi ndili ndi sokosi zokha. Ndinaona kuti ndikapanda kunena pano sindidzanenanso.

"Anesi, ine ndimakukondani. Ndikufuna mubwere mudzakhale nane m'nyumba mwanga moyo wonse."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kusokosi, akumanga mpango wawo pang'onopang'ono. M'mimba mwawo munalira ndi njala, tonse awiri tinamva.

"Zikomo achimwene," anatero. "Koma mawu amenewa mwauza anthu angati? Ndikufuna ndidziwiretu ngati ndidzabwere ndi mpando wanga."