Masamba Pamsewu wa Malole

Lolemba

Mng'alu wa pakhoma wakula. Ndauyeza m'mawa uno ndi chingwe cha belo. Wadutsa pomwe ndinalemba ndi pensulo sabata yatha, ndipo kwatsala chikhatho chimodzi kuti ufike pawindo la pabalaza. Chisomo, mwana wanga wa ku Lilongwe, ananena poyera atabwera pa Isitala kuti ukangofika pawindo adzanditenga ndizikakhala naye. Ati safuna kudzamva kuti bambo ake awapeza pansi pa njerwa. Mwanayu anatengera mayi ake, sanena kawiri.

Ine ku Lilongwe toto. Ndikatani kumeneko? Kukhala mumpanda tsiku lonse n'kumayang'ana geti? Nyumba ino tinamanga ndi malemu mkazi wanga Naphiri chaka chomwe fodya anagulidwa bwino, ine ndili kalaliki ku esiteti, iye akuumba njerwa mwana ali kumbuyo. Ndikufuna kufera muno.

Olakwa ndi malole. Chigumukireni kamlatho ka pamsewu waukulu ndi mvula ya chaka chino, madalaivala atulukira kuti kuseri kwa chigayo kuli kamsewu kathu. Ndiye nyengo yake ya okushoni! Lero pofika masana ndawerenga khumi ndi anayi, onse atasenza mabelo a fodya mpaka kumwamba. Iliyonse ikadutsa, makapu m'kabati amayamba kuvina.

Kale kamsewu kano kanali ka ngolo. Ng'ombe zinkadziwa zokha pokhota, mwini wake akuwodzera. Naphiri ankayanika ufa pamphasa m'mbali mwa njira, n'kupita kumjigo, pobwera n'kuupeza uli mbee. Lero ukayanika malaya oyera umaanula a khaki.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pulani yanga:
1. Chikwangwani.
2. Chikakanika, hampu yochepetsa liwiro.
3. Yachitatu sifunika.

Lachiwiri

Chikwangwani chaima! Chivundikiro cha diramu, penti yotsala pachitseko, zilembo za kalaliki weniweni: MALOLE PANO AYI, KUNO KUMAKHALA ANTHU.

A Nyirenda, a nyumba yoyandikana nane, andigwirira mtengo pokwirira. Iwowa kwawo n'ku Kaluluma. Tinagwira limodzi ku esiteti, ine pabuku iwo pasikelo, ndipo zaka zonsezi sanagwirizanepo nane pa chilichonse. Ayang'ana chikwangwanicho, apukusa mutu, angoti, "Yayi akulu, lole siwerenga."

Zotsatira:
- Lole yoyamba: dalaivala wawerenga, waliza hutala, wandibayibitsa.
- Yachiwiri: yaima! Kani akufuna madzi a injini. Ndawapatsa. Munthu wopempha madzi ungamumane?
- Zina zonse: fumbi lokhalokha.

Chondipweteka n'chakuti fungo la mabelowo ndimalikonda. Limandibwezera kuchigafa, matenanti akusankha fodya ali phee, manja akuda ndi utomoni, ine pensulo kukhutu. Masiku amenewo lole inkabwera imodzi pasabata, dalaivala wake tikumudziwa ndi ana ake omwe. Ankaima pakhomo pano, kumwa thobwa, n'kufunsa Naphiri ngati akufuna kanthu kutauni. Awa a lerowa ngakhale moni.

Madzulo chikwangwani chapezeka kwa mayi wa mbatata yootcha pachigayo paja, akuotcherapo. Ati chinagwa chokha. Wandipatsa mbatata imodzi, ndadya, ndi yokoma ndithu.

Mng'alu: wawonjezera chala chimodzi.

Lachitatu

Hampu. Dothi la pachulu, mawilibala asanu ndi imodzi, msana wanga wonse. A Nyirenda athandiza kupondaponda uku akunena kuti sizitheka. Pomaliza yaoneka bwino, ngati mzere wa mbatata wa munthu wakhama.

Woyamba kuilawa ndi wakabaza, atanyamula mayi wina ndi dengu la tomato. Onse ali bwino kupatula tomato. Mawu amene mayiyo wandiuza sindilemba m'buku muno.

Kenaka lole. Ine ndimaganiza kuti iona hampu, ichepetsa liwiro. Iyo yangokwera, n'kutera mbali inayo kuti phi! Nyumba yonse yanjenjemera. Mbale ya maluwa ya Naphiri, ija ankangotulutsira alendo, yagwa pakabati, zidutswa zitatu. Ndakhala pansi nthawi yaitali ndikuziyang'ana. Zandiwawa kwambiri, sindibisa.

Pofika masana hampu yaphwatalala, yatha. Mng'alu wawonjezera zala ziwiri, ndipo zimenezo ndazichita ndine ndi wilibala yanga.

Ndakhala pakhonde n'kumadzifunsa kuti kodi galimoto inayamba yayendapo mwaulemu pamsewu uno? Inde, kamodzi. Tsiku la maliro a Naphiri. Anthu anayala masamba mopingasa msewu, uku ndi uku, monga timachitira pakakhala zovuta. Thirakitala ya ku esiteti inadutsa ngati ikuyenda chonyang'ama. Anjinga ankatsika, zipewa kumanja. Palibe wapolisi, palibe chikwangwani, masamba basi.

Masamba basi!

A Nyirenda sindiwauza, adzangoti yayi. Ndiponso ati mawa alawirira kumsika wa pa Santhe kukagulitsa mbuzi.

Lachinayi

M'mawa. Ndadula nthambi za keshya wa pakhomo, ndayala mzere umodzi cha kuchigayo, wina kumunsi kwa nyumba ya a Nyirenda. Palibe wandiona. Ndalowa, ndatseka chitseko, ndakoka makatani kuti anthu asandifunse mafunso. Foni ndazimitsa, kuopa Chisomo angafunse za mng'alu. Tiyi ketulo yodzaza. Ndikusuzumira pakampata ka katani.

Zikutheka! Lole yoyamba yafika pamasamba, yafatsa, wailesi yazimitsidwa, dalaivala wavula kapusi. Ikukwawa ngati kamba. Makapu ali zii. Yachiwiri chimodzimodzi. Wakabaza wadzulo uja watsika, akukankha njinga. Anthu akadali ndi ulemu, amangofuna kukumbutsidwa. Akuboma abwere adzaphunzire kuno!

Cha m'ma teni. Amayi awiri a kumpingo aima pamsewu, akuyang'ana nyumba yanga. Anong'onezana, abwerera mofulumira.

Cha m'ma leveni. Abweranso, tsopano ali asanu ndi atatu, mipango kumutu. Wina wasenza nkhuni. Apa ndiye ndazindikira. Pakati pa masamba awiriwo pali nyumba ziwiri zokha. A Nyirenda anthu awaona m'mawa akukwera njinga, akazi awo akuwaperekeza, onse ali bwinobwino. Kwatsala ndani? Nkhalamba yokhala yokha, chitseko chotseka, makatani okoka. Ndipo amvana kale kuti a Nyirenda ndiwo andipeza, atseka nyumba, ayala masamba, athamanga kukauza abale.

Ndituluke tsopano. Ayi, ndidikire achepe kaye.

Masana. Sakuchepa. Abambo akhala pansi pa keshya, amayi pakhonde. Moto wayatsidwa kuseri. Wina wayamba kulira mokweza, ndipo ndamuzindikira mawu, ndi mayi wa tomato uja.

Zomwe ndamva ndili tsonga pampando wanga:
- "Anali ovuta, koma buku lawo ku esiteti silinkanama."
- "Chimwalirireni Naphiri sanalinso bwino. Dzana tinawaona akulalatira lole."
- "Mwina ndi wilibala ija. Munthu wamkulu ngati uja!"
- "Malata awa akadali abwinobwino."
Wa malatayo ndamudziwa, ndipo tidzaonana.

Kenaka ayamba nyimbo ija anaimba potulutsa Naphiri m'nyumba muno, amayi omwewo, poyambira pomwepo. Ndalira. Ndalira zenizeni pamaliro anga omwe, ndipo sindimadzilira ine.

Chanditulutsa si kulimba mtima ayi, ndi tiyi uja. Chimbudzi chili panja. Ndatsekula chitseko, ndati, "Pepani nonse, ndidutse nawo." Nyimbo yaduka pakati. Amayi ena alumpha mpanda wa maluwa, wina wasiya nsapato imodzi. Mkulu wampingo yekha ndiye sanathawe, miyendo inamukana.

Madzulo ndayatsa foni. Chisomo anthu anamuimbira kale masana ali kuntchito, ndipo anali atayamba kufunsa za bokosi. Wamva mawu anga, wadula.

Mng'alu lero sunasunthe ngakhale pang'ono. Izi zilembedwe.

Lachisanu

Tsiku lobweza katundu. Ufa mabeseni anayi, nkhuni mitolo itatu, nyemba, nsapato imodzi. Khomo lililonse ndapepesa chipewa chili kumanja. Ena aseka mpaka kugwira nthiti. Ena sanaseke. Gogo wina wandifunsa kuti mawa kukagwa zovuta zenizeni, malole akapanda kuima poganiza kuti ndi ine ndayambanso, ndidzati chiyani? Ndapepesanso, ndapita khomo lina.

Adzukulu abwera, anyamata okumba manda aja. Ati dzulo anali atanola kale makasu, ataona ndi malo omwe pafupi ndi Naphiri, ndipo khasu la adzukulu silibwerera chabe. Anyamula tambala wanga wofiira. Ndafunsa ngati malowo ndi abwino. Ati ndi abwino, pali mthunzi.

A Nyirenda sakundilankhula. Pobwera kumsika dzulo anthu anawalandira panjira ndi mawu opepesa, iwo n'kugwa ndi njinga. Angonditumizira uthenga kudzera kwa akazi awo kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Uthenga wa maliro uli ndi miyendo, wotsutsa ulibe. Masana kwafika a Makwinja, omwe anali tenanti wathu kalekale, wochokera ku Mulanje, pano anakhazikika ku Kapelula. Apalasa njinga mtunda wonsewo, tsitsi lili mbuu, nkhuku yachipepeso pakaliyala. Andipeza ndikusesa masamba. Akhala pansi, andiyang'ana nthawi yaitali, ati nkhukuyo sabwerera nayo, ndi bwino tidye mwini maliro akuona. Tadya. Takumbutsana chaka cha matalala, chigafa chomwe chinagwa ndi fodya yense, ndi phala lomwe Naphiri ankaphikira ana a matenanti chakudya chikatha mu Febuluwale. Ine phalalo ndinali nditaiwala, iwo ayi. Zaka makumi awiri osaonana, mpaka ndife kaye!

Malole abwerera mwakale, mwinanso kuposa. Nkhani yawapeza. Wina podutsa wandivulira kapusi, mano onse panja.

Chisomo sanaimbe. Mng'alu wakhudza felemu ya windo. Ndapachikapo kalendala.

Loweruka

Chisomo wafika ndi minibasi yoyamba, maso otupa. Sanakalipe, bola akanakalipa. Wagwada bwinobwino pakhonde, wandipatsa moni, wafunsa za msana. Kenaka walowa, wapita molunjika pakalendala ngati wina anamuuza, wainyamula. Walowetsa zala zake zinayi mumng'alu. Nthawi yomweyo kwadutsa lole, dothi n'kumuthothokera padzanja. Mboni ina iti?

Ndayesa kufotokoza kuti kamlatho akakonza zonse zitha, kuti okushoni itsekedwa posachedwa, kuti Lachinayi mng'alu sunasunthe. Wandisiya ndimalize.

"Bambo, ine ndakulirani kale kamodzi sabata ino. Kachiwiri sindikufuna ndidzalire ndikufukula njerwa."

Ndayang'ana pansi. Mawu ndi ake, koma kaimidwe ndi ka mayi ake, dzanja m'chiuno, mutu chopendekera.

Wapita kukafuna makatoni kugolosale.

Lasabata

Malole sayenda lero. Msewu uli zii. Atsikana akusewera fulaye pakati penipeni, nkhuku zikusamba fumbi pomwe panali hampu. Ndi momwe unkakhalira masiku onse, ndipo wasankha kundionetsa lero.

Kutchalitchi anthu andisiyira benchi yonse. Potuluka ndiye andizungulira, aliyense akufuna kundigwira dzanja, ena ndikuona kuti akungotsimikiza ngati ndi lofunda.

Zomwe zalowa m'makatoni:
- zovala, Baibulo, wailesi
- makapu, opumula tsopano
- mabuku akale a ku esiteti, omwe Chisomo akuti ndi zinyalala
- zidutswa zitatu za mbale, ndazikulunga mujekete asaone.

Tinyamuka mawa. Katundu akwera lole ya mabelo yopita ku Lilongwe, Chisomo wagwirizana ndi dalaivala. Ndi wa kapusi uja. Ati malemu salipira.

A Nyirenda abwera madzulo ano, mkwiyo watha. Ndawapatsa kiyi. Takhala pakhonde osanena zambiri, iwo ndi ine, monga takhalira zaka zonsezi. Ndawauza kuti kutauni anthu amapita ndi miyendo koma kwathu kuno amabwerako atagona, ndiye tsiku lenilenilo likadzafika, masamba adzadule a keshya wa pakhomo pano, ndipo adzayale iwo ndi manja awo, kuti anthu adzakhulupirire.

Kwa nthawi yoyamba chidziwanireni sanati yayi. Ayang'ana kumbali, apukuta m'maso ndi chipewa, ati fumbi.

"Ndidzayala, akulu. Koma musadzayembekeze anthu ambiri. Ambiri alira kale."