Foni Inadya Dzina la Mudzi Wathu

Iwe ukuseka kumbuyoko, bwera udzasekere pafupi. Funsa aliyense kuyambira ku Ruda mpaka ku Hauna kuti ankajambula mavidiyo a maukwati ndi maliro m'chigwa muno ndani, zaka zija m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Akuuza kuti ndi ine Dizimasi, mwana wa wothyola tiyi. Ngati ndikunama, mphezi indipeze pompano.

Mdani wanga sanali mvula kapena kuzima kwa magetsi, anali foni ya m'manja. Chinthu chimenechi chikafuna kulira chimayamba chalowa mu maikolofoni, dididi-dididi-dzzz, n'kudya mawu onse, ndipo kungochitseka pakamwa sikuthandiza, umayenera kuchizimitsa n'kuchiika kutali. Tsono makutu angawa anafika poti ndikavala mahedifoni ndinkaimva foni isananyamuke n'komwe: munthu ali ku Joni akangoganiza zoimbira mkazi wake, ine kuno dididi, ndikuimva ikuwoloka Limpopo, ikupumira pa Mutare, ikutsika mapiri awa ikukhotakhota ndi msewu, mpaka ndinkauza mkaziyo kuti konzekani, amuna anu aimba Lachinayi ndipo alibe chabwino choti anene. Mukumva? Pa maliro ena ndinaimitsa abusa pakati pa pemphero chifukwa dididi ankachokera m'bokosi, atatsegula anapeza foni yoyaka m'jekete ya malemu.

Ndiye ndinali ndi lamulo langa. Ndisanayatse kamera ndinkatolera mafoni onse, ya mkwati, ya abusa, ngakhale ya foromani, n'kuwatsekera m'bokosi la tiyi lokhala ndi chipepala chonyezimira mkati, n'kulisenza ndekha kukalisiya tsidya la mtsinje wa Pungwe, ndipo pokalitenga ndinkapeza mauthenga aunjikana kunja kwake ngati njuchi kusowa polowera, ena a ukali ochokera kwa apongozi anandiluma khutu ili, chipsera chake n'chimenechi. Tepi yanga inkamveka mbee, mpaka nyerere ikadutsa pa nsapato ya mkwatibwi unkadziwa mwendo umene ikutsimphina.

Basi, kuseka kuthere pamenepo.

Ababa anabwera kuno wapansi ali mnyamata kuchokera ku Nyasalande, ndipo moyo wawo wonse ukawafunsa za mudzi ankangoti kwathu n'kutali. Chimene anathawa sitikuchidziwa. Koma zaka zimenezo zitupa zathu zinkati ndife alendo, ntchito ku esiteti inali itachepa, ndipo achemwali anga a Esinati ankafuna kutenga ana kupita kumudziko. Kumudzi kuti, popanda dzina? Ababa atadwala kwambiri anandiitana m'mawa wina. "Bweretsa chimakina chakocho, ndinene kamodzi, ndisabwerezenso."

Ndinatolera mafoni a komboni yonse. Ndinatulutsa anthu onse m'nyumba, ndi achemwali omwe, kuti asamapume pafupi ndi waya. Mawu a Ababa anali atatsala manong'onong'o, choncho ndinawapanira kamaikolofoni pa kolala, ine n'kuwerama pafupi nawo mahedifoni ali kumutu. Anafotokoza za phiri, za mtsinje wa miyala yoterera, za amayi awo amene sanawatsanzike. Kenako anati, "Dzina la mudziwo ndi…"

Dididi-dididi-dzzz.

Milomo ndinaiona ikugwedera m'ndevu, koma m'makutu munali chimenechi basi. Chitatha, Ababa anali akunena kuti, "Wamva, mwana wanga?"

Achemwali anasuzumira pakhomo. "Zamveka, achimwene?"

Mukudziwa zimene ndinayankha? Ndinati zamveka mbee. Ine Dizimasi, amene ndinaimitsa abusa pamanda, ndikanati bwanji pamaso pa komboni yonse kuti tibwereze? Ndinaganiza kuti ndidzawafunsa mawa tili awiriwiri, mwakachetechete.

Achemwali atadzamva tepiyo pambuyo pake ndinawauza kuti inali mphezi ya ku Mozambiki, ena ndinawauza kuti winawake anabisa foni padenga. Lero ndinene. Foniyo inali yanga, m'thumba la malaya, pafupi ndi kamaikolofoni kuposa mmene ndakhalira ndi iwe. Sindinaizimitse chifukwa mnzanga wa kusitolo ku Hauna anandilonjeza kuti shuga akafika anditumizira uthenga. Ndiwo unalowawo. Ndinapinda mawaya n'kuthamangira pamzere, ndinaima pamenepo masiku awiri, ndipo pobwerera ndinapeza Ababa akupuma koma osayankhulanso. Ndinawagwira dzanja, ndinawafunsa m'Chinyanja, ndinawafunsa m'Chimanyika cha kuno, ankangondiyang'ana ngati munthu amene ntchito yake anamaliza kale.

Tepiyo ndaibwereza mpaka inayamba kuzilala. Makutu amene ankamva foni ikuwoloka Limpopo alephera kutola dzina limodzi la m'kamwa mwa bambo anga. Zimandiwawa, anthuni, zimandiwawa tsiku ndi tsiku. Achemwali anakalambira mukomboni momwemo, ndipo adzukulu, amene amanditcha sekuru m'Chimanyika, akandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti, ndimangoyang'ana kumbali.

Shugayo ndinamupeza, paketi imodzi. Tinamuthira mu tiyi wa pa maliro a Ababa.