Mmene ndinasamutsira ofesi yathu ku Wenya

Mukadzafika pa Chitipa boma n'kumva anthu akuitana munthu kuti "a Wenya", musaganize kuti kwawo ndi ku Wenya. Munthuyo ndine, ndipo kwathu ndi ku Thyolo. Dzinali ndinalipeza chifukwa cha kompyuta.

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yogula khofi kwa alimi a ku Misuku. Anandilemba ngati kalaliki, koma tsiku lina ndinakonza printa (ndinangosolola pepala lomwe linakanirira mkati), basi kuyambira pamenepo ndinasanduka katswiri wa makompyuta. Nanenso sindinakane.

Abwana athu ndi Mayi Namukonda, munthu wosalankhula kawiri. Asananyamuke kupita kumsonkhano ku Lilongwe anandiitana n'kundiuza kuti akufuna pulogalamu yoyendetsera ntchito, yoti ikhale ya mu ofesi mwathu mokha. Aliyense akatsegula aziona ntchito yake, amene wamupatsa, ndi tsiku loti amalize. Anawonjezera kuti ikhale imodzi mwa mapulogalamu aulere aja, amene aliyense amatha kuwatenga pa intaneti n'kuwasintha mmene akufunira. Mbali yanga inali kuyesa angapo, iwo akabwerako ndiwauze yabwino.

Yoyamba inkafuna netiweki ya m'tauni. Kwathu kuno kankangozungulira kampira pa sikirini mpaka magetsi kuzima. Yachiwiri inatseguka bwino, koma theka la mawu ake linali m'chinenero chimene ndikuganiza kuti ndi Chijeremani. Yachitatu inali yofatsa. Inandifunsa dzina la mkulu wa kampani, ine n'kulemba la Mayi Namukonda (nanga si akulu ndi iwowo?). Inafunsa mayina ndi maimelo a ogwira ntchito, ndinalemba onse, enieni. Panali kabokosi kena kochongedwa kale, ndinakasiya choncho. Ndine yani kuti nditsutse amene anaipanga?

Tsono pulogalamu yopanda kanthu mkati simungaiyese. Pankafunika ntchito yongopeka, yaikulu ndithu. Ndinayang'ana mapu a pakhoma, maso anga n'kugwera pa Wenya. Ndinalemba kuti, "Kusamutsa ofesi kupita ku Wenya." A Sichali, dalaivala wathu, ndinawapatsa mbali yokapeza nyumba ndi kunyamula katundu. Mayi Kaonga, osunga chuma, ndinawapatsa yolongedza mafailo m'makatoni. Poyesa malo olembapo ndemanga ndinaika mawu akuti nkhaniyi ndi yachinsinsi, aliyense angochita mbali yake osaimba foni kufunsa. Ndinaseka ndekha, poona kuti abwana ndawatsanzira bwino.

M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto kupita ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese, kukathandiza pa sikelo yoyezera khofi. Kumeneko foni yanga imagwira ndikakwera kachulu kena kuseri kwa tchalitchi, ndipo kunkazizira moti sindinaone chifukwa chokwerera. Ndinakhalako pafupifupi sabata, mtima uli m'malo.

Chimene sindinadziwe n'chakuti kabokosi kaja kankalola pulogalamuyo kutumiza imelo kwa aliyense wopatsidwa ntchito. Imeloyo inkafika m'dzina la Mayi Namukonda. Ndiponso sinkatumiza kamodzi ayi, m'mawa uliwonse inkawakumbutsa kuti masiku akutha.

Nditabwerako ndinapeza lole yathu itaima pakhomo, pamwamba pake pali matebulo, miyendo ili m'mwamba. A Sichali ankamanga zingwe uku akuimba nyimbo ya kwaya. Anandipatsa moni wa Chitumbuka, kenako anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndisauze munthu, koma ofesi ikupita ku Wenya. Nyumba anali ataipeza kale, ya apongozi awo (akazi awo kwawo ndi komweko). Apongoziwo anali atatulutsa chimanga chawo chonse n'kupaka laimu mkati ndi kunja.

Mkati mwa ofesi ndinapeza Mayi Kaonga atakhala pa katoni, maso ali ofiira. Anandiuza kuti amuna awo, omwe ndi aphunzitsi pa boma pomwepo, asiya kuwalankhula, akuti mkazi wapabanja sasamuka mwachinsinsi ngati wothawa mlandu. Mwana wawo wa sitandade eyiti anali atamufunsira kale malo pa sukulu ya kumeneko. Anandionetsa imeloyo pafoni yawo. Ndinawerenga mawu anga omwe, pamodzi ndi chilembo chimene ndinachiphonya polemba "chinsinsi".

Munthu wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinangoti, "Pepani kwambiri, mayi," n'kusenza katoni kupita nayo pa lole. (Ndinkaganiza kuti ndikamayenda nzeru ibwera.) Ndinasenza makatoni angapo, nzeru osabwera.

Imene inabwera ndi galimoto ya Mayi Namukonda. Anatsika, anayang'ana lole, anayang'ana chikwangwani cha kampani chimene a Sichali anali atachizula kale, n'kufunsa motsitsa mawu kuti katunduyu akupita kuti.

"Ku Wenya, mama, monga munanenera," anatero a Sichali. "Ndipo sitinauze munthu."

Mayi Kaonga anapereka foni. Abwana anawerenga pang'onopang'ono mpaka pansi, kenako anatembenukira kwa ine, katoni ili pamutu.

"Ine ndimalemba chonchi?"

Ndinayankha kuti ayi, iwo amalemba bwino. Ndinafotokoza zonse ndili chiimire, kuti kunali kuyesa chabe. A Sichali anakhala pa sitepe ya lole n'kufunsa funso limodzi lokha, kuti apongozi awo akawauza chiyani. Mayi Kaonga anangomasula chingwe cha katoni n'kundilozera mashelufu.

Katundu yense ndinatsitsa ndekha, anzanga akuonerera. Loweruka abwana anandituma ku Wenya ndi a Sichali kuti ndikafotokoze ndi pakamwa panga. Apongoziwo, bambo wachikulire wofatsa, anamvetsera a Sichali akumasulira mawu anga. Kenako anafunsa kuti pulogalamuyo ndi ya ndani kuti izilamula anthu akuluakulu. Ndinayankha kuti ndi yaulere, ilibe mwini weniweni. Anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye chifukwa chake ilibe khalidwe. Atatero anandisonyeza matumba a chimanga pansi pa mtengo, ndi khomo la nyumba yoyera mbee. Ndinamva popanda womasulira.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya abwana msana ukupweteka, n'kuwalangiza kuti pulogalamu yachitatu ija tiisiye, ndi yoopsa. Iwo anati ayi, atenga yomweyo. Chinthu chimene chazula chikwangwani iwo ali ku Lilongwe sangachisiye. Anangolamula kuti dzina lawo azililemba okha.

Tikuigwiritsa ntchito mpaka pano, ndipo imayenda bwino. Ine ndinaphunzira kuwerenga kabokosi kalikonse ndisanadine, ngakhale kuti tina timakhala tatitali, ndimangowerenga koyambirira. Mayi Kaonga anandikhululukira. Amuna awo sindikudziwa. Tikakumana pamsika amandigwira chanza ndi manja awiri, amandifunsa za kunyumba mwaulemu wonse, kenako amatsitsa mawu ngati akufunsa za maliro:

"Nanga mwezi uno tikusamukira kuti, achimwene?"